Malo Alipo mu Seva

"Seva yafanso, achemwali," anatero a Harold, mwini sukulu ya makompyuta pa Chitakale, ataima kumbuyo kwa Carla. "Ikadzafa Lolemba ana akulemba mayeso, tidzangotsanzikana."

Carla anali asanalembedwe ntchito, ankangomuyesa kaye. Makompyuta a m'kalasimo analibe madisiki awoawo osungiramo zinthu, onse ankabwereka madisiki ongoyerekeza ku seva, kompyuta yaikulu yokalamba ya pakona. Ana akangoyatsa onse pamodzi, memore ya sevayo inkadzaza, iyo n'kukomoka.

Atafufuza, Carla anapeza kuti kapulogalamu kogawa madisikiwo kanali ndi ulemu wopitirira. Kompyuta iliyonse kankaisungira malo a disiki yonse mu memore, ngakhale mbali zimene sizinalembedwe kanthu. Anakakonza kuti kazitenga malo pokhapokha mwana akasunga chinthu.

Lolemba ana analemba mayeso mpaka kumaliza, seva osatsokomola n'komwe. Carla anawalozera abwana ake pa sikirini.

"Mwaona, bwana? Theka la memore langokhala."

"Langokhala? Mulibe munthu?"

"Ndi mpata wopumira. Seva imafunika..."

A Harold anali atatuluka kale. Anakhalapo kondakitala wa minibasi za ku Limbe, ndipo mpando wopanda munthu unkawadwalitsa mutu. Carla anawamva ali pakhonde akuitanira odutsa: "Makompyuta, makompyuta! Malo alipo!"

Madzulo anatulukira ndi makompyuta ena akale pa wilibala, ana atsopano ali pambuyo.

"Ntchito mwaipeza, achemwali," anatero akupukuta thukuta. "Koma muiuze sevayo kuti kuyambira mawa azikhala anayianayi pa mpando."