Kachidutswa Kamene Kanayezedwa Kawiri

Panali munthu wina, mmisiri wa zitsulo, amene ankapanga mabawuti omangira mapaipi a m'mafakitale. Mabawutiwo ankayenera kupangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi nikelo wambiri, chifukwa chitsulo chotere sichidyeka msanga ndi asidi wotentha. Lamulo la ntchitoyo linali lakuti chitsulo chatsopano chikafika, mmisiri azidula kachidutswa n'kukapereka ku labotale kuti akayeze zimene zili m'kati mwake.

Woyeza ku labotaleko anali mlongo wake wamng'ono, amene mmisiriyo anamulera yekha makolo awo atamwalira. Mwamuna wa mlongoyo ankayang'anira mapaipi pa fakitale ina imene inkagula mabawutiwo. Alamu awiriwa ankagwirizana kwambiri, ndipo akakumana woyang'anira mapaipiyo ankakonda kunena kuti, "Alamu, mabawuti anu amandisamala kuposa mlongo wanuyu. Iwo sandikalipira ndikachedwa kufika kunyumba!"

Nthawi ina fakitaleyo inafuna mabawuti mwachangu, koma chitsulo chimene mmisiri ankayembekezera chinachedwa. Ali pa nkhawa imeneyo, kunabwera mlendo ndi galimoto yodzaza zitsulo.

"Bwana, nikelo weniweni uyu," anatero mlendoyo. "Taonani kunyezimira kwake. Mungadziyang'anirepo pometa ndevu."

Mmisiri anagula. Koma mumtima ankakayika, ndipo anadziwa kuti labotale ikachikana chitsulocho, ntchito yonse imuphonya. Choncho sanadule chitsulo cha mlendoyo. Anatenga kachidutswa kakale, kamene kanayezedwa chaka chapitacho n'kupezeka kabwino. Makina oyezera amawotcha chitsulo pang'ono ndi magetsi n'kusiyapo kadontho kakuda. Iye anapala kadonthoko mpaka kanafafanizika, n'kupita nako kwa mlongo wake.

Mlongoyo anakapukuta, anakaika pa makina, makinawo n'kulira. Atawerenga zotsatira anatembenukira kwa mchimwene wake.

"Achimwene, zotsatirazi zikufanana ndendende ndi za chaka chatha," anatero. "Zitsulo zosungunulidwa nthawi zosiyana sizifanana chonchi. Pamakhala kusiyana ndithu, ngakhale pang'ono."

"Ndiye ukuti ndine wabodza? Ineyo amene ndinakugulira yunifolomu yako yoyamba?"

"Sindinatero ayi. Ndikungopempha kuti ndibwere kuntchito kwanu ndidzadule ndekha kachidutswa kena."

Mmisiri anaseka. "Makina ako avomera, iwe ukukana. Kodi sukulu ndinakulipirira ija inali yoti uzidzaposa makina? Ndithandize, mwana wa mayi anga, anthu akundidikira."

Mlongoyo anachita manyazi. Anawerama, n'kuvomereza kuti chitsulocho chinali chabwino.

Mabawuti anapangidwa, n'kukamangidwa pa mapaipi a asidi wotentha. Kunja ankanyezimirabe, koma pamene asidi ankadonthera, chitsulocho chinkadyeka pang'onopang'ono. M'mawa wina mlamu uja akuyendera mapaipi monga mwa masiku onse, mabawuti anathyoka pamwamba pake. Paipi inatseguka, ndipo asidi anamuthira thupi lonse.

Mmisiri anathamangira kuchipatala. Anamupeza mlamu wake atakulungidwa mabandeji, maso okha akuoneka, mkazi wake atakhala pambali. Wodwalayo atamuzindikira anayesetsa kulankhula.

"Alamu, nkhope yagwa bwanji? Musadandaule. Amene athyokawo si anu ayi. Anu sathyoka."

Mmisiri anatuluka n'kukatsamira khoma la pakhonde. Patangopita masiku ochepa mlamuyo anamwalira.

Maliro atatha, a fakitale anabweretsa mabawuti othyokawo ku labotale. Mkulu wa labotaleyo anauza mayi wamasiyeyo kuti apite kunyumba, wina ayeze.

"Ayi bwana, ndiyeza ndekha," anatero.

Anaika bawuti pa makina, makinawo n'kulira ngati tsiku lija. Nikelo anali wochepa zedi. Chinali chitsulo wamba chonyezimira, choyenera kupangira masipuni.

Mayiyo anavula chovala chake choyera cha ku labotale, anatenga bawutilo n'kupita kwa mchimwene wake. Anamupeza atakhala pafupi ndi makina ake ozimitsidwa, ndipo anaika bawutilo patebulo.

"Kachidutswa munandibweretsera kaja kali kuti?"

Mmisiri anatsegula dilowa n'kukatulutsa. Kanali kakunyezimira, kali ndi kadontho kakuda kamodzi. Kenako anagwada pansi.

"Mlongo wanga, ndikhululukire. Ndinkaganiza kuti chilimba."

"Achimwene, mukanamupha nokha, mwina ndikanapeza polirira," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Koma munabwereka dzanja langa. Ndinaona, ndinakayika, n'kukhala chete chifukwa munali inu. Ana anga akadzakula n'kufunsa amene anavomereza chitsulo chimenechi, ndidzawauza chiyani?"

Tsiku lomwelo mayiyo anakaulula zonse kwa akuluakulu ake, osabisa mbali yake. Ntchito inamuthera. Mmisiri anamangidwa, ndipo mlendo wa galimoto uja sanaonekenso. Mayiyo sanapiteko kundende kukaona mchimwene wake, koma akuti akamva dzina lake amalirabe. Kachidutswa kaja amakasunga pamodzi ndi chithunzi cha mwamuna wake, ndipo mpaka lero sikanachite dzimbiri.

Phunziro: Choyezedwa chizikhala chomwecho chimene chikagwire ntchito, chifukwa makina amanena zoona za chimene mwawapatsa basi. Ndipo inu oyeza, mtima ukakayika yezaninso, ngakhale wobweretsayo akhale amene anakulerani. Kukhumudwitsa m'bale tsiku limodzi n'kopepuka kusiyana ndi kuika m'manda munthu amene mumamukonda. Chonde tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene miyoyo ya anzawo imadalira ntchito ya manja awo.