Malangizo a Agogo Loice

Agogo Loice anamukoka dilesi mdzukulu wawo Christina kuti akhale bwino pabenchi ya kuchipatala.

"Ukalowa uwongoke. Usatsimphine. Akakufunsa uziti ndilikoni bwino."

Chidwalireni matenda oumitsa khosi, zaka zitatu zapitazo, Christina sankathanso kukhala pansi mphindi khumi. Mapazi ankatentha ngati waponda makala. Madokotala asanu anamuona, onse n'kumubweza ndi panado. Akanaonanji? Mtsikana ankalowa atawongoka ngati msilikali, agogo ali pambali diso lili tong'o. Agogowo ankadziwa kuti msana ndi wosasewera nawo. Ukadandaula kwambiri amakugoneka, akakugoneka amatenga mpeni. Mnzawo wina wa ku Makokoba analowa akuyenda, anatuluka pa njinga ya olumala.

Lero anabwera chifukwa abusa anawakakamiza. Akuti kwabwera katswiri wa mitsempha ya mumsana, ndipo amaona anthu Lachinayi lokha.

Pafupi ndi chitseko panali mayi wina atatsamira khoma, ndodo m'manja, patapata kuphazi. Malo pabenchi analipo, koma iye ayi. Agogo anamuyeza ndi maso, n'kufinya chikwama chawo m'khwapa. Pachipatala akuba amabwera akutsimphina.

"Salibonani, gogo," mayiyo anapereka moni m'chiyankhulo cha eni dziko. Kenaka anatembenuzira m'Chichewa chopindika cha ana obadwira kuno kuchilendo. "Ndamva mukulankhula chakwathu. Agogo anga anali a ku Ntcheu. Mtsikanayu benchi ikumuwotcha, eti? Inenso. Zaka khumi ndi ziwiri."

Chikwama chinamasuka m'khwapa. Wodwala mnzako, wakwanunso, ungamubisirenji?

"Amamva ngati madzi akutsika m'ntchafu, koma akagwira pouma?"

"Ndendende, mwanawe. Mwadziwa bwanji?"

Basi agogo anamasula thumba lonse. Za nyerere zoyenda m'miyendo. Za mkodzo wotuluka osatsanzika. Zoti mu minibasi amagwada m'malo mokhala, mpaka makondakitala a ku Nkulumane anamutcha wa mapemphero. Christina anawatsina, iwo n'kumukankha dzanja. Mayi uja ankangogwedeza mutu, maso ali pa mwendo wa kumanzere umene Christina ankaukoka akaimirira.

"Nanga madokotala anati chiyani?"

"Tingawauze?" Agogo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Inunso ndikuchenjezeni ngati mwana wanga. Mukalowa umo, ndodoyo isiyeni kunja. Ameneyu akuti ndi wochenjera kuposa onse. Akangomva kamodzi kuti msana, wanola kale mpeni."

"Matenda awa mpeni suwathandiza, agogo. Ndi zipsera zimene zamata mitsempha pamodzi. Pali mankhwala ochepetsa motowo, ndi mayendedwe ophunzira."

"Ndiye mukamuuze zimenezo iyeyo, muone ngati akumvereni."

"Ndikayesa," anatero mayiyo, nkhope ili phee.

Chitseko chinatseguka. Nesi anasuzumira, faelo m'manja. Agogo anamuwongola Christina kolala, n'kumunong'oneza komaliza kuti amwetulire.

Nesi sanaitane dzina lililonse. Anatembenukira kukhoma kuja. "Tiyambe ndi ndani, dokotala?"

Mayiyo anachoka pakhoma ndi ndodo yake, n'kumugwira Christina mkono. "Ndi uyu. Tsimphina mmene ungathere, mwali. Mafunso onse agogo ayankha kale."