Mzere Wachisanu ndi Chiwiri

"Masamu amenewo ndi anga, achimwene. Mwandibera."

Mtsikana amene analankhulayo anali ataimirira kumbuyo kwa chipinda cha semina. Kutsogolo, mnzake wa ofesi imodzi anali pa bolodi, choko chili m'manja.

Miyezi isanu ndi itatu mtsikanayo analimbana ndi masamu amenewa pa bolodi la mu ofesi mwawo, pakona atalemba kuti MUSAFUFUTE. Digiri yake yonse inagona pamenepo. Lolemba anapeza bolodilo litapukutidwa. Lero mizere yonse inali apa, pa bolodi la semina, ngakhale cholakwa chake cha pa mzere wachisanu ndi chiwiri, pomwe anaiwala kuti nambalayo ikhoza kukhala ziro.

Pulofesa anayang'ana wotchi. "Mayi, pano amayamba kufunsa ndi aphunzitsi. Ophunzira pomaliza, nthawi ikalola."

"Nthawiyo chaka chonse siinalolepo, bwana."

Anzake onse anaweramira m'makope. Mtsikanayo pepala analibe, chithunzi analibe. Mboni yake inali bolodi, ndipo bolodi sililankhula.

Analoza kutsogolo.

"Chabwino, ndi anu. Ndiye tiuzeni, achimwene: pa mzere wachisanu ndi chiwiripo, nambalayo ikakhala ziro mutani? Yankhani."