Mlamba Afufuza Kopita Madzi

Padangokhalatu, kale Mlamba akadali ndi mutu wobulungira ngati dzaye, anthu adatseka mtsinje n'kumanga damu. Chilimwe chitafika, madzi adayamba kutsika, ndipo Mlamba adada nkhawa.

Adafunsa mnzake Nkhanu, "Achimwene, madzi athuwa akupita kuti?"

Nkhanu adati, "Akulowa m'chipaipi chija cha pansi pa khoma. Kumene akutulukira sindikudziwa. Tiyeni tikafunse."

"Kufunsa? Ine, ndi ndevu zonsezi? Tiyeni tione amene ayambe kudziwa!"

Nkhanu adakwera khoma chammbali n'kutsikira kuseri. Kumeneko adapeza amayi akutunga madzi pampopi. Chakumunsi adaona chimakina chikulira, madzi akuchizunguza. Adafunsa Namzeze, amene adatera pawaya, "Kodi ichi n'chiyani?"

Namzeze adati, "Chimapanga magetsi. Ndi amene akuyendetsa chigayo uko."

Koma Mlamba adangolunjika kukamwa kwa paipi. Madzi adamukoka n'kumuwombetsa pa sefa wazitsulo wotchinga zinyalala. Phwa! Adakakamira pomwepo, madzi akumukanikiza mutu, mpaka Nkhanu pobwera adamupana mchira n'kumuzulapo.

"Mwaonako chiyani, achimwene?" adafunsa Nkhanu.

"Mdima," adayankha Mlamba, mutu uli phwatalala. "Nanga inu?"

"Mpopi, magetsi ndi chigayo. Ndangofunsa basi."

Mlamba adagwedeza ndevu. "Aa, zimenezo ndiye ndimazidziwa kale."

Mpaka lero mutu wa Mlamba ndi wophwatalala. Ndevu zilipo zonse, koma kufunsa sadayambebe. Nthano yathera pa sefa pomwepo.