Mzere wa Malemu pa Laputopu

Laputopu ya m'nyumbamo inali ya malemu, mkazi woyamba. Mkazi wachiwiri atalowa m'banjamo, mwamuna anakana kufufuta za malemuzo. Anangopempha mlamu wake, mlongo wa mkazi watsopanoyo, wokonza makompyuta, kuti aikemo sisitemu ina pambali. Ndiye ukaiyatsa inkayamba yaonetsa mizere iwiri kuti usankhe: wapamwamba wa malemu, wapansi wa mkazi watsopano. Ukachedwa kusankha, inkalowa yokha kwa malemu.

Zimenezi zinkamudya mtima mayiyo. "Achimwene," anadandaulira mlongo wakeyo, "ngakhale makina azinditenga ngati mlendo? Chotsanipo mzere uwo."

"Nsanje mpaka ndi wakumanda, achemwali? Chabwino, ndiubisa. Koma zake zikhalamobe."

Kutada, mayiyo anapita kukaitenga kushopu ya mlongo wakeyo kumene anaisiya. Mlongo wake anaiyatsa, ndipo panaoneka mzere umodzi wokha, wa mayiyo. Anaizimitsa, mayiyo n'kuifungatira kubwerera kwawo. M'njira inayamba kutentha pachifuwa ngati mwana wa malungo. Kenako anamva kafani koziziritsa makina kakupuma m'katimo, chonsecho anaona yekha ikuzimitsidwa.

Anafika mwamuna asanabwere, n'kukhoma chitseko. Atatsegula laputopuyo, mizere inalipo iwiri, wake ndiwo unkawala. Asanakhudze batani, kuwalako kunakwera kokha, pang'onopang'ono, n'kukaima pa wa malemu.

Mzere wapansi unazimiririka.

Panja panamveka mapazi a mwamuna wake. Anagogoda, n'kuitana ndi mawu okoma amene mayiyo anali asanawamvepo chilowereni m'nyumbamo. Dzina limene anaitanalo silinali lake.