Mwana Wogona pa Matola

Matola atatitimira m'matope pafupi ndi Kasakula, amuna anatsika kukakankha, akukanganabe za matipate. Rakele, mtsikana wa folomu 2, anatsala atapanikizana ndi mayi amene anabereka mwana kumsana, atamufunditsa mutu wonse.

"Mwanayu sabanika, mayi?" anafunsa, nakhudza kaphazi. Kanali kozizira ngati mwala.

Mayiyo anamugwira dzanja. "Chonde, mwanawe, usanene. Adalaivala akadziwa kuti ndi maliro, anditsitsa m'phiri muno."

Rakele anangozyolika.

Galimoto itatuluka m'matopemo, adalaivala anathyola nthambi yaiwisi n'kuimangirira kutsogolo.

"Azibambo, vulani zipewa," anatero motsitsa mawu. "Mayi, ndinakuonani mukutuluka m'chipatala. Mudzi wanu ndi uti?"