Mbendera ya Nanzikambe

Padangokhala. Tavomerani kuti tili tonse, inu, ndisamangolankhula ndekha.

Panali asing'anga awiri ongoyamba kumene ntchito, Nanzikambe ndi Nkhono. Mwambo unali woti sing'anga aliyense akhale ndi mbendera ya chizindikiro chakechake, kuti ng'oma zikalira mizimu ya makolo ake izidziwa potsikira. Awiriwa anapikisana kuti aone amene mizimu imufikire msanga.

Wosoka mbendera anali Kangaude, ndipo Nanzikambe anamutopetsa zedi.

"Mayi, musokepo dzino la Mkango." Mawa lake, "Iyayi, onjezani nyanga za Njati, anthu azindiopa." Mkucha wake, "Ikhale yofiira. Kapena yobiriwira?"

"Bambo inu, ulusi m'mimbamu watha," anadandaula Kangaude. "Nanga chanuchanu pansalupa n'chiti?"

"Changa n'chochititsa manyazi. Ndani angaope mchira wopiringizika?"

Nkhono sanavutitse munthu. Anangokwawa pansalu yake kamodzi, n'kusiyapo kanjira konyezimira.

Tsiku la gule, ng'oma zitangoyamba, makolo a Nkhono anaona kanjira kaja n'kunena kuti, "Pathu ndi pano," ndipo anatsika. Nanzikambe anavina mpaka miyendo kunjenjemera. Makolo ake anabweradi, koma ataona dzino ndi nyanga zija ananong'onezana kuti, "Tasochera, pano m'pa eni ake, angatidye." Anabwerera osayang'ananso m'mbuyo.

Mpaka lero Nanzikambe amayenda monyinyirika, diso lina uku lina uko, kufunafuna azigogo ake.

Nane pakamwa patopa. Wina akaphule mbatata ija isanapserere.